Bambo Atapatulira Mango

Mudzi wathu uli pothera msewu. Sindikukokomeza ayi. Lole imene imabwera Lachisanu lililonse ikafika pagolosale imatembenuka, chifukwa kutsogolo kwangotsala phiri ndi mbuzi za anthu. Achinyamata athu amakwera loleyo mmodzimmodzi, ndipo ambiri sitiwaonanso. Amene amabwerera amakhala kuti adwala kapena zawakanika. Ndiye tsiku limene achemwali anga anatsika ndi chikwama kumanja, katoni pamutu, banja litatha kutauni, palibe anafunsa kanthu. Anthu anangotsinana pakhonde la golosale, nkhani yonse n'kuimaliza okha.

Ine ndinathamangira katoniyo poganiza kuti muli mbale kapena nsalu. Munali kampeni kopinda, machubu akuda odzalamo mitengo, ndi mtolo wa mapulasitiki odulidwa motalika ngati malamba. Zaka zisanu ndi chimodzi kutauni, munthu n'kubwerako ndi zimenezi.

"Achemwali, katundu weniweni akubwera pambuyo?"

"Katundu ndi yemweyu," anatero. "Tseka pakamwapo, mulowa ntchentche."

Anandiuza kuti zaka zonsezo ankagwira ntchito panazale yaikulu ya mitengo ya zipatso kunja kwa tauni. Anayamba ndi kuthirira, kenaka anaphunzira kumezanitsa. Tsopano abwera kudzadzala mango.

Ndinaseka mpaka misozi. Mango kwathu kuno! Timango tathu tija ta ulusi, ukadya tiwiri umaswera ukutokosa m'mano. Nyengo yake ikafika timangowolera pansi, nkhumba mpaka kutopa nato. Ndani angagule chinthu choti amachiponda popita kuchimbudzi?

Achemwali anadikira kuti ndimalize kuseka, ndipo anandionetsa pakamtengo kamene anathyola pampanda. Umafesa njere ya mango athu omwewa. Kamtengoko kakanenepa ngati pensulo, umakadula pamwamba n'kukang'amba pakati. Ukatero umatenga kanthambi ka mango aakulu aja opanda ulusi, kukasongola uku ndi uku, kukalowetsa mumng'alumo, n'kumanga ndi pulasitiki. Zikagwirana, pansi pamakhala mizu ya kwathu yosaopa chilala, pamwamba mango amene ogula amachita kuwatumizira galimoto.

"Mnzanga wina wandipezera ntchito yochapa ndi kukolopa m'nyumba ya anthu," anatero akupinda kampeni kawo. "Ndamuuza kuti ndiyese kaye mango. Mangowo akandikana ndinyamuka, ndipo ulendo umenewo sindidzabweranso."

Kuseka kunandithera pomwepo. Chimwalirireni amayi ndinatsala ndekha pakati pa amuna awiri osayankhula: bambo, ndi mwamuna wanga wopala matabwa, amene amacheza bwino ndi sowo wake kuposa ndi ine. Ndinali nditaiwala kuti munthu amatha kuseka potsuka mbale. Ndinkafuna achemwali akhale. Za mangowo sindinkazikhulupirira, koma ndinayamba kuwapempherera kuti abereke.

Malo anayenera kupempha kwa bambo. Bambo athu ndi mlimi wotchuka m'dera lonse lino, ndipo iwo eni amadziwa zimenezo. Mizere yawo imawongoka ngati ayesa ndi chingwe. Koma chimene anthu amawatamira kwambiri ndi diso lawo popatulira. Akafika paphando sachedwa: chowonda amazula, chonenepa amasiya. Amatero ndi chimanga, ndi tomato, ngakhale ndi anapiye. Anthu amawaitana kuti akawaonere minda, koma iwo chibadwire sanafunsepo munthu za ulimi. Ndi achemwali sankagwirizana kwenikweni. Sanakanganepo ayi, kungoti akakhala awiri mawu amasowa.

"Bambo, mundipatseko malo aja akumtunda."

"A miyala aja? Ukufuna kulima miyala?"

"Ndikufuna kudzala mango."

Bambo anayang'ana mtengo wa mango umene tinakhala pansi pake, anayang'ana wina kuseri kwa khola, kenaka anayang'ana mwana wawo.

"Tenga," anatero. "Bola usadzandiitane."

Achemwali sanawaitanedi. Anatola njere m'mudzi monse, anakhoma kashedi ka udzu kuseri kwa khitchini, n'kundandalika machubu awo. Chilimwe chonse anatunga madzi kumjigo, ndowa khumi m'mawa, zisanu madzulo, khosi mpaka kulowa m'mapewa. Timitengo titakula anakwera lole kukatenga nthambi kunazale kuja, n'kubwera nazo zitakulungidwa m'chisaka chonyowa. Masiku atatu anakhala chowerama m'kashedi muja akung'amba ndi kumanga.

Anthu ataona timitengo tomangidwa mapulasitiki, dzina linapezeka tsiku lomwelo. Achemwali anasanduka Anamwino. Amayi ogulitsa pagolosale ndiwo ankatsogolera.

"Anamwino, odwala anu agona bwanji?"

"Akupezako bwino," achemwali ankayankha osaima. "Inu mukadzadwala mudzafole pamzere."

Timitengo makumi asanu ndi limodzi kudza tiwiri tinagwira. Mvula yoyamba itagwa anatidzala kumtunda kuja, dzenje lililonse atachita kulikumba ndi piki. M'mawa uliwonse ankayenda mzere ndi mzere, kuwerama pamtengo uliwonse n'kutsina kanthu patsinde. Tsiku lina ndinafunsa. Anati tsinde la pansi, la mango athu aja, silivomera msanga kugonja. Limatulutsa mphukira zakezake pansi pa bandeji ya pulasitiki ija, ndipo zimakula mofulumira kuposa kanthambi kachilendo kali pamwamba. Ukazilekerera zimakalanda chakudya. Ndiye umazichotsa zikadali zazing'ono. Ine ndinauzidwa chifukwa ndili ndi kamwa lofunsa. Bambo ankangodutsa patali ndi khasu lawo paphewa, maso kumbali.

Nthawi imeneyo n'kuti ndili woyembekezera. Miyendo inayamba kutupa, mutu osaleka, ndipo a chipatala chathu chaching'ono anati ndikadikirire kuchipatala chachikulu. Munthu sapita yekha kumeneko. Mwamuna wanga anadzipereka, koma ndinamufunsa ngati anayamba waphikapo madzi osapsereza. Achemwali anayang'ana kumtunda kamodzi, n'kulowa m'nyumba kukalongedza mapoto.

Tinkaganiza kuti ndi sabata ziwiri. Zinakwana zisanu ndi imodzi. Mwana anabadwa pa opaleshoni, wamkazi, wamkokomo ngati mayi ake. Masiku onsewo achemwali anagona pasimenti pafupi ndi bedi langa, kundisambitsa, kundiphikira, kukangana ndi alonda a pageti. Mvula ikamagwa padenga la chipatala ankangoti, "Mphukira zija zikusangalala," n'kupitiriza kuchapa matewera.

Tinatsika lole Lachisanu masana. Tinapeza bambo pakhonde atavala malaya awo opitira kumisonkhano. Ananyamula mwana, anamuyang'ana zala ndi makutu ngati akugula mbuzi, n'kunena kuti ndi wabwino. Kenaka anatembenukira kwa achemwali, ndipo ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachione chaka chonse: bambo ankamwetulira.

"Kaone munda wako."

Tinakwera tonse. Ine ndinkatsalira chifukwa cha bala, mwana ndinasiyira atate ake. Nditafika ndinachita kuima. Munda wonse unali wopalilidwa, udzu ngakhale umodzi. Mtengo uliwonse anaukumbira beseni losunga madzi n'kuphimbira ndi mapesi. Miyala anaitola n'kuiyala m'malire. Mitengo inali yobiriwira, masamba ali gwa, yotalika kuposa mmene tinaisiyira. Ndinati mumtima, nkhalamba iyi ili ndi chikondi, kungoti imabisa.

Koma achemwali sankayang'ana masamba. Anawerama pamtengo woyamba, anapita pa wachiwiri, wachitatu. Kenaka anayamba kuthamanga mzere wonse. Atafika kumapeto anabwerera pang'onopang'ono.

"Bambo, mabandeji aja ali kuti?"

"Ndakusungira." Anatulutsa m'thumba mtolo wa mapulasitiki, otsukidwa bwino, omangidwa ndi luzi. "Tinthambi tapamwamba tija tinali tokwinimbira. Timasamba tinayi, tisanu, mwezi wonse osasuntha. Pansi pake panatuluka mphukira zamphamvu. Ndiye ndapatulira. Taona mmene yakondwera."

"Mwadula yonse?"

"Ine ndikagwira ntchito sindisiya theka."

Anatilozera pakona. Tinthambi tonse makumi asanu ndi limodzi kudza tiwiri tinali pamenepo, touma, tounjikidwa mwadongosolo.

Achemwali anakhala pansi padothi. Sanalire, ndipo zikanakhala bwino akanalira. Anatenga kanthambi kamodzi, kukathyola, kukayang'ana m'kati.

"Bambo, towondato ndiye tinali mango. Izi mwasiyazi ndi timango tomwe tija tikuwolera kuseri kwa khola."

Bambo anatsegula pakamwa. Ndinaona kuti akufuna kutsutsa, chifukwa moyo wawo wonse palibe anawauzapo kuti alakwitsa m'munda. Koma anayang'ana tsinde lodulidwa, anayang'ana mulu uja, ndipo kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono. Mtolo wa mapulasitiki unali ukadali m'manja mwawo, osadziwa pouika.

"Chaka ndi theka," achemwali anatero, osakweza mawu. Anaimirira n'kusasa dothi pachitenje. "Lachisanu likubwerali ndikukwera."

Ine mtima wanga suchedwa. Achemwali atangotsika ndinaiwala kuti ndikuyankhula ndi kholo.

"Bambo, kufunsa kukanakutherani chiyani? Foni ili ndi apongozi anu pakhomo pomwepa. Mawu awiri okha! Munthu wathyoka khosi ndi ndowa inu mukungodutsa ngati simukumudziwa, lero mwati mumuthandize, mwamuthandiza ndi chikwanje!"

Ndinawasiya ali chiimire pakati pa munda wawo wokongolawo.

Sabata imeneyo inali yowawa. Achemwali anaimbira mnzawo uja, ntchito inali ikadalipo. Anachapa zovala zawo zonse, anandipatsa poto wawo wamkulu, machubu otsala anati ndiziikamo zimene ndikufuna. Ndinayesa njira zonse. Ndinalira, ndinanamizira kuti bala likupweteka, ndinawaika mwana pamiyendo kuti awagwire mtima.

"Mukanapanda kundiperekeza sizikanachitika," ndinatero. "Ndine ndakupherani munda."

"Usayankhule zopusa. Ndikanakusiya ufe chifukwa cha mango?"

"Ndiye yambiraninso. Mizu ilipo."

"Nthambi ndizitenga kuti? Ndipitenso kunazale kukapempha, ndikawauze kuti zoyamba zija bambo anga anadula? Komanso si nthambi zokha, mng'ono wanga." Anasisita mwana kumsana. "Munthu uja chibadwire changa sanandifunsepo kanthu. Ngakhale pa chinthu changa chomwe, anaona kuti akudziwa ndi iwo. Ndatopa."

Kumjigo nkhani inali yomweyo. Ena ankaseka bambo, mlimi wamkulu wogwa m'mizere yake. Ena ankati anadziwa kale kuti za mabandeji sizipita patali. Amayi a pagolosale, amene ndinkayembekezera kuti aseka kwambiri, anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Koma mayi uja anavutika." Bambo sanatuluke pakhomo Loweruka ndi Lamulungu. Ankangokhala kuseri kwa nkhokwe akunola khasu lomwe linali lakuthwa kale.

Lolemba m'mawa njinga yawo panalibe. Tambala wawo wamkulu, amene ankamukaniza ngakhale pa maliro, nayenso panalibe. Sanatsanzike munthu. Lachiwiri linadutsa, Lachitatu linadutsa. Ine mkwiyo unasanduka mantha. Ndinayamba kukumbukira mawu onse amene ndinawalankhulira kumunda kuja, ndipo chakudya chinaleka kulowa. Mwamuna wanga anazungulira kwa abale onse apafupi, osawapeza.

Anatulukira Lachinayi dzuwa litapendeka, akukankha njinga yophulika tayala, fumbi mpaka m'nsidze. Pakaliyala panali chisaka chonyowa. Zala zitatu zakumanzere zinali zomangidwa ndi mapulasitiki. Ndinathamanga ndi kapu ya madzi, koma anangondidutsa n'kulunjika kumtunda.

Ndinapeza achemwali akumanga chikwama.

"Bambo abwera. Ali ndi chisaka chonyowa."

Manja awo anaima pang'ono, kenaka anapitiriza. "Bola abwera amoyo."

Ndinakwera ndekha kukasuzumira, ndipo ndinabwerera msanga.

"Achemwali, ngati mitengo ija munaikondapo, pitani mukaiwombole. Akuicheka ngati akupha nkhuku ndi mpeni wobuntha."

Anandiyang'ana moipidwa. Koma ndimawadziwa achemwali anga: akhoza kupirira kunyozedwa, koma sangapirire kuona ntchito ikugwiridwa molakwika. Anatenga kampeni kawo pawindo.

Tinapeza bambo atagwada pamtengo wachisanu ndi chinayi, magalasi awo othyoka mwendo ali pamphuno. Chisaka chinali chotsegula pamthunzi, ndipo munali nthambi zatsopano zambirimbiri, zoyoyoledwa masamba, maso ake otulukira mphukira ali otupa. Bambo ankasongola kanthambi ndi mpeni wa kukhitchini. Dzanja linazolowera khasu, ndipo m'malo mocheka kamodzi ankachita kusema.

Achemwali anaima kumbuyo kwawo nthawi yaitali.

"Mwazitenga kuti?"

"Kuntchito kwako kuja." Sanatembenuke. "Ndinachita kufunsa njira. Tambala uja ndinasinthanitsa ndi nthambizi. Akapitawo ako anandikhazika tsiku lathunthu pansi pa shedi, kundiphunzitsa pa timitengo totaya. Akuti mutu ndili nawo koma manja ndi a chitsulo."

"Munawauza kuti chinachitika n'chiyani?"

"Ndinawauza. Ndinati ndine ndadula."

Ndinayang'ana achemwali. Bambo athu kuyenda ulendo wa masiku awiri panjinga kukauza anthu achilendo kuti alakwitsa m'munda! Ndikanauzidwa ndi munthu ndikanati wamwa.

"Anandifunsa za iwe," bambo anapitiriza, akulimbana ndi pulasitiki. "Akuti panazale yonse ija panalibe dzanja ngati lako. Akuti pa mitengo khumi, kwa iwe inkagwira isanu ndi inayi. Akuti alendo akabwera kudzaphunzira ankawapereka kwa iwe." Anasiya kumanga. "Ndinachita manyazi kumva za mwana wanga kwa munthu wongokumana naye."

Achemwali anagwada pambali pa bambo.

"Sikutero. Mwagwira pochekapo ndi zala zadothi. Ndipo taonani, kanthambi mwakaika pakati. Khungwa likumane ndi khungwa, mbali imodzi yokha ikwanira. Patseni kuno."

Anasendera pamtengo wotsatira, anatenga kanthambi kena, anacheka kawiri kokha, fwe, fwe, kulowetsa, kumanga kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Bambo anaweramira pafupi mpaka chipewa chinagwa.

"Bwerezanso," anatero. "Pang'onopang'ono."

Nthambi zodulidwa sizidikira munthu. Zinali zitatha kale tsiku ndi theka m'chisaka, ndipo achemwali anati zikafika Lamulungu ndi nkhuni. Lachisanu kutangocha tonse tinali kumtunda. Achemwali ankacheka ndi kulowetsa, bambo ankasankha mphukira yonenepa bwino pamtengo uliwonse yoti amezanitsepo, ntchito imene diso lawo linkaidziwa. Mwamuna wanga ankanola mipeni ndi kudula mapulasitiki, ine ndili pamthunzi ndi mwana, kulamula anthu amene sankandimvera. Masana lole inalira hutala pagolosale. Tonse tinaimva, ndipo tonse tinachita ngati sitinaimve, kupatula ine amene ndinayang'anitsitsa msana wa achemwali.

"Ndikwera ya sabata yamawa," anatero osadzutsa mutu. "Musaganize kuti nkhani yatha."

Mitengo isanu ndi inayi imene bambo anamanga okha achemwali anafuna kuimasula kuti ayambirenso. Bambo anakana. Anati aisiye, aone okha mapeto a manja awo.

Sabata yotsatira achemwali anati sangachoke asanaone ngati zagwira. Sabata inayo anati maso a nthambi angoyamba kutupa, kuchoka pano n'kutaya ntchito. Koma chikwama sanamasule. Ankatulutsamo chovala chimodzi, kuchapa, n'kubwezeramo. Mnzawo uja anaimba kuti mabwana sadikira mpaka kalekale, ayankhe pofika kumapeto kwa mwezi. Ine ndinkagona ndi nkhawa n'kudzuka nayo. Ndinkadziwa kuti mango okha sawasunga. Munthu amakhala pamene akufunidwa, ndipo bambo, ngakhale anapalasa njinga masiku onse aja, mawu amenewo anali asanawatulutse.

M'masiku omwewo amayi a pagolosale anabwera pakhomo ngati akudutsa. Anayamikira mwana, anadandaula za msana, kenaka anafika pa chimene anadzera.

"Anamwino, paja kuseri kwanga kuli timitengo tinayi tongomera tokha. Simungadzationeko?"

"Ndinati mudzafole pamzere," achemwali anayankha. Onse awiri anaseka, ndipo mawa lake anapitadi. Pobwera anandiuza kuti amayi ena atatu anaima pampanda kuonerera, ndipo mmodzi anapempha kugwirako mpeni.

Sabata yachinayi, Lachinayi m'mawa, tinakwera kukawerenga. Usiku kunagwa kamvula, ndipo dothi linkamata kumapazi. Achemwali ankayenda patsogolo, ine pambuyo ndi mwana kumsana. Pamtengo wogwira, kanthambi kanali katatulutsa timasamba tofiirira, tofewa, tolendewera. Pa wokanika kanali kakuda ndi kouma. Ndinkawerenga mokweza ngati mwana wa sukulu. Pa mitengo makumi asanu kudza itatu ya achemwali, inagwira makumi anayi ndi isanu ndi umodzi. Anati yotsalayo adzaibwereza ndi nthambi za yomweyi ikakula, sipafunikanso ulendo.

"Mwati adzaibwereza ndani?" ndinafunsa.

"Amene adzakhalepo," anatero.

Bambo sanayende nafe. Anapita molunjika kumzere wawo wa mitengo isanu ndi inayi. Tinkawaona patali akuwerama, kuimirira, kupita pa wina. Woyamba wouma. Wachiwiri wouma. Anafika mpaka wachisanu ndi chitatu osapeza kanthu. Pa womaliza, umene iwo anamanga pamene achemwali anali ataima kumbuyo kwawo, anagwada ndipo sanadzukenso.

"Mwanawe," anaitana. "Tabwera."

Tinapita. Kanthambi kanali kopendekeka, pulasitiki yomangidwa ngati mtolo wa nkhuni, koma pansonga pake panali timasamba titatu tofiirira, tating'ono kuposa chala cha mwana wanga. M'munsi mwake, patsinde, panali patatuluka mphukira yonenepa, yobiriwira, yotalika kale kuposa kanthambiko. Bambo anali ndi mpeni m'manja.

"Ndidule iti?"

"Mukudziwa, bambo."

"Ndikudziwa." Anapukuta magalasi ndi malaya, n'kuwavalanso. "Koma diso langali lakalamba ndi chizolowezi chake. Likaona chonenepa limakopeka. Ndikatsala ndekha ndidzalakwitsanso." Anakhosomola, anayang'ana pansi, kenaka anadzutsa mutu n'kumuyang'ana mwana wawo kumaso. "Usapite, mwana wanga. Sindikunena chifukwa cha mitengo yokha."

Ine ndinayamba kulira nthawi yomweyo, mokweza, mpaka mwana kumsana anadzidzimuka n'kundithandiza. Achemwali anandiyang'ana ngati akufuna kundikalipira, koma anangondileka. Anagwada m'matope pambali pa bambo, anagwira mphukira yonenepa ija n'kuipindira kumbali kuti mpeni ulowe bwino.

"Dulani apa," anatero. "Pafupi ndi tsinde. Musaope, ndagwira."

Bambo anadula.